Maso a Tamanda ndi Banjo ya a Vitus

Banjo ija sinali ya Tamanda. Ankayenda nayo Loweruka lililonse mumzinda wa Nairobi, kuchokera ku Utawala mpaka ku Madaraka, kukwera kawiri maminibasi a kuno aja otchedwa matatu, ataiyimika pakati pa miyendo ngati mwana wa eni. Koma mwini wake anali a Vitus. Iye anangobwerekedwa.

A Vitus anali a ku Rumphi, anzawo a bambo ake a Tamanda a kutchalitchi. Ali mnyamata anakaphunzira ku America, kudera la Kentucky, ndipo anabwerako ndi digiri, banjo, ndi chikondi cha nyimbo zina zothamanga zotchedwa bulugirasi. Anagwira ntchito zaka zambiri kubungwe lina ku Upper Hill. Tsopano nyamakazi inali itawaumitsa zala zakumanja, moti banjo, yomwe imafuna zala zitatu zochangamuka, inawakanika. Anatsala ndi gitala, imene ankangoikwapula ndi kapulasitiki.

Tamanda anafika kwa makolo ake ku Nairobi atangolemba mayeso a Fomu 4. Sekondale yonse anakhala ndi azakhali ake ku Ntcheu, ndipo aliyense ankavomereza kuti azakhaliwo analera mwana. Polandira chinthu, manja awiri. Poyankha wamkulu, bondo lipinde pang'ono, maso pansi. "Mwana wotong'olera akuluakulu maso ndi wamwano," ankatero azakhali. Kwa Tamanda lamuloli silinali lolemera. Anali wamanyazi chibadwire, ndiye mwambo ndi manyazi zinangogwirana manja, moti ngakhale mwini wakeyo sankadziwa kuti ichi chathera pati, icho chayambira pati.

Banjoyo anaiona koyamba tsiku lina ataperekeza makolo ake kukacheza kwa a Vitus. Inali itatsamira khoma pafupi ndi shelefu ya mabuku. Ku Ntcheu, bambo wina wokonza njinga pamsika anali ndi yake ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki, ndipo Tamanda ankachedwa dala akatumidwa tomato kuti ayimvere. Koma iyi inali yonyezimira, ya nsambo zisanu, imodzi yaifupi yoyambira pakati pa khosi. Akuluakulu ali mkati mocheza, iye anakhudza nsambo yaifupiyo ndi chala. Inalira mokweza kuposa mmene ankaganizira, ndipo onse anacheuka.

"Pepani," anatero Tamanda.

"Ukupepesa chiyani? Inyamule," anatero a Vitus. "Chida chimenecho n'chathu. Chinachoka kuno ku Africa chili chipanda, chikopa ndi ndodo, chinawoloka nyanja ndi anthu amene anagwidwa ukapolo. Kumeneko chinakakumana ndi vayolini wa alimi a m'mapiri, amene makolo awo anachokera ku Scotland ndi ku Ireland, chinakumananso ndi nyimbo za m'tchalitchi. Mwana amene anabadwa pamenepo ndi amene timamuyimba kuno Loweruka. Dzina lake loti bulugirasi linachokera ku udzu wina wa ku Kentucky."

Tsiku lomwelo anamuveka tizikhadabo tiwiri tachitsulo, kena pa chala chamkombaphala, kena pa chapakati, ndi kapulasitiki pa chala chachikulu. Anamuonetsa kuti banjo ya bulugirasi saikwapula monga ankachitira wokonza njinga uja. Zala zitatu zimasinthana, chachikulu, chamkombaphala, chapakati, kubwerezabwereza osapumira, mpaka mawu azingogubuduka ngati mtedza wotayikira pa simenti.

"Pita nayo," anatero. "Zala zikazolowera, ubwere kubwalo."

Zinamutengera miyezi inayi. Ankaphunzira masana makolo ake ali kuntchito, atapanikiza sokosi yakale pansi pa nsambo kuti anthu a m'nyumba yapansi asadandaule. Mayi ake ankati akabwera amapeza mpunga uli wosaphika koma mwana akuseka yekha. Zoona zake n'zakuti mumzinda wonse wa Nairobi, momwe Chiswahili chinkamudutsa ngati mphepo ndipo analibe mnzake ngakhale mmodzi, banjoyo ndi yokha imene ankalankhula nayo osayamba waganiza kawiri.

Bwalo la oyimba lija linkakumana Loweruka cha m'ma 2 koloko masana, kuseri kwa mdadada wa nyumba zomwe a Vitus ankakhala, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala. Mipando isanu ya pulasitiki, yoikidwa mozungulira. Panali a Thumbiko, Mmalawi wogwira ntchito kubungwe la tchalitchi, wosatha nthabwala, ndi mandolini yawo yaing'ono. Nyimbozi iwo ankazitcha za kapinga. Panali a Mose, mphunzitsi wa konkuno ku Kenya, ndi vayolini. Panalinso mayi Immaculata, namwino, amene ankayimba ataimirira chifukwa besi wawo, chivayolini chachikulu cha mawu okhuthala, anali wamtali kuwaposa, ndipo mpando wawo unkangokhalira chikwama.

Ng'oma panalibe. Izi zinamudabwitsa Tamanda tsiku loyamba, koma sanachedwe kumva kuti ntchito ya ng'oma anagawana. Besi ankaponda, mandolini n'kudula pakati, besi kuponda, mandolini kudula, ngati anthu awiri akusinja mumtondo umodzi. A Vitus ankatsogolera ndi mawu, a Thumbiko n'kukwera pamwamba pawo ndi kamawu kakang'ono kowawa. Vesi ikatha, chida chimodzi chinkatulukira poyera n'kuyimba nyimbo yonse pachokha, ena onse atatsitsa zawo. Kenako vesi ina, kenako chida china.

Malamulo a Vitus ananena atatu. "Ukalakwitsa usaime, sitima siyembekeza munthu. Ndikakweza phazi ndiye kuti nyimbo ikutha. Ndipo pano sitikakamizana. Wofuna mpata woyimba payekha amautenga, wosafuna timamudumpha."

Tamanda anagwedeza mutu, maso ali pa nsapato za a Vitus.

Ndiye anayamba kudikira. Kusukulu, mphunzitsi akafuna kuti uyankhe amatchula dzina lako. Kukwaya n'chimodzimodzi. Iye ankayimba motsitsa kumbuyo kwa anzake, mutu uli chowerama, makutu ali tcheru kuyembekezera kumva kuti "Tamanda." Dzinalo silinamveke. Mpata unkachoka kwa a Mose, kupita kwa a Thumbiko, n'kubwerera kwa a Vitus. Sanadandaule. Anaganiza kuti akuluakulu akudziwa chimene akuchita, kuti mwina zala zake zikadali zosapsa. Akafika kunyumba ankachotsa nsapato n'kuyambiranso.

Anatha Maloweruka asanu ndi atatu chotero.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Amalawi ataunjikana panja monga mwa nthawi zonse kumwa tiyi ndi kufunsana za kumudzi, Tamanda anaima kuseri kwa chipilala ndi kapu yake. Mbali inayo kunali bambo ake ndi a Vitus.

"Basi a Gresham," anatero a Vitus, "ndapuma ntchito. Kumapeto kwa mwezi uno ndikulowera ku Rumphi. Katundu wina wanyamuka kale."

"Nanga banjo ija tibweze liti?"

"Loweruka likubwerali abwere nayo, ndi lomaliza." A Vitus anamwa tiyi pang'ono. "Kunena zoona, ndinkafuna kumusiyira. Chida sichifuna kugona m'bokosi. Koma mwanayu sakuifuna. Zala ali nazo, ndimazimva kumbuyoko. Koma nyimbo iliyonse ndimamupatsa mpata, iye n'kukana. Miyezi iwiri. Mwina amangobwera poopa inu."

"Ndi wamanyazi ameneyu."

"Manyazi timawadziwa, tonse tinali nawo. Koma kukana miyezi iwiri? Ndipita nayo. Mwina kumudziko kudzapezeka wina."

Tiyi wa Tamanda anazirala m'manja. Anafufuza m'mutu Loweruka lililonse, nyimbo iliyonse, osapeza pamene anapatsidwa kanthu, osapeza pamene anakana. Koma sakanatuluka kuseri kwa chipilala n'kuuza munthu wa imvi kuti mukunama. M'galimoto pobwerera, bambo ake anangoti, "Loweruka ukabweze banjo ya eni. Uyipukute bwino."

"Chabwino adadi."

Lachiwiri masana mayi Immaculata anatumiza kanema pa gulu lawo la pafoni. Mwana wawo anawajambula Loweruka lapitalo, ndipo iwo ankafuna kuti a Vitus apite ndi chikumbutso. Tamanda sankakonda kudziona pa kanema. Anatsegula chifukwa ankafuna kumva ngati banjo ikumveka.

Inkamveka, pang'ono. Koma chimene anaona ndi china. Vesi yachiwiri itatsala pang'ono kutha, a Vitus, pakamwa pakadali nyimbo, anatembenuzira nkhope kwa a Mose n'kukweza zikope. A Mose anawayang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi, vayolini n'kulowa. Vesi yotsatira ikutha, a Vitus anatembenukira kwa mtsikana wa diresi yobiriwira. Anakweza zikope. Anaweramitsa mutu kuti amupeze nkhope. Anadikira. Mtsikanayo maso anali pa nsapato zake. A Vitus anatembenukira kwa a Thumbiko, mandolini n'kulowa.

Anaubwereza kanemayo kanayi. M'nyimbo ziwiri zokha, a Vitus anamuyang'ana katatu.

Kulembera mayi Immaculata kunamutengera ola lathunthu, kulemba n'kufufuta. Pomaliza anangofunsa kuti kodi mpata umaperekedwa bwanji. Yankho linabwera la mawu, m'Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, kumbuyo kukumveka phokoso la kuchipatala.

"Mwana wanga, taganiza. Pakamwa pali nyimbo, manja ali pa chida. Chatsala n'chiyani? Maso. Akakuyang'ana iwe n'kuwayang'ananso, wavomera. Ukayang'ana pansi, wanena kuti ndidumpheni. Kulikonse kumene amayimba nyimbozi ndi choncho. Ife timayesa ukudziwa. Ine ndinafuna kukufunsa kalekale, koma a Vitus analetsa, amvekere tingakuchititse manyazi pagulu."

Tamanda anakhala pabedi nthawi yaitali, foni ili pamiyendo. Ndiye kuti miyezi iwiri yonseyi iye ankapereka ulemu, a Vitus n'kumalandira kukana. Iwonso ankamusungira ulemu posamufunsa. Anaseka pang'ono, kenako anapeza kuti kusekako kwasanduka zina, n'kupita kukasamba kumaso.

Kudziwa kunali kophweka. Chovuta chinali khosi. Lachitatu m'mawa anayesera pa bambo ake. Akumwa tiyi, iye anakweza mutu n'kuwayang'ana m'maso, akuwerenga chamumtima. Anafika pa atatu.

"Bwanji? Ndili ndi china pamphuno?" anafunsa a Gresham, akudzipukuta.

"Ayi adadi."

"Nanga ukundiyang'ana ngati wapolisi wa pamsewu bwanji? Pauline, taona mwana wakoyu."

Mayi ake anatulukira kukhitchini, ndipo Tamanda anafotokoza zonse, mawu akutuluka moduka. A Pauline anakhala pampando n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Azakhali ako akanamva izi akanati Nairobi yawononga mwana pa tsiku limodzi."

"Ndingowaimbira foni a Vitus, nkhani yathera pomwepo," anatero bambo ake.

"Ayi adadi, chonde." Anadabwa yekha ndi mmene mawuwo anatulukira msanga. "Anena kale kuti ndimabwera poopa inu. Mukayimba foni, aziti mwandipemphera."

A Gresham anamuyang'ana, iye n'kugwetsa maso, kenako n'kuwakwezanso mwadala.

"Chabwino. Koma ine usandiphunzirirenso ndikudya. Yesera pa amako."

Loweruka anaipukuta banjo monga anauzidwa. Anachotsa sokosi ija. Mumatatu, kondakitala anafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi, iye anangoikumbatira n'kupukusa mutu mpaka munthuyo anamusiya.

Pabwalo panali anthu owonjezera tsiku limenelo, anansi angapo obwera kudzatsanzikana ndi a Vitus, atakhala pa masitepe. A Thumbiko anali atayamba kale.

"Akulu, ku Rumphi mukayimbira ndani nyimbo za kapingazi? Mbuzi?"

"Mbuzi zimasunga nthawi kuposa iwe," anayankha a Vitus akukonza nsambo. "Tamanda, wafika mwanangu. Tikamaliza uisiye m'nyumbamo, pafupi ndi makatoni."

"Chabwino ankolo."

Nyimbo yoyamba inayamba. Besi anaponda, mandolini inadula. Tamanda zala zinkayenda zokha, nkhondo inali m'khosi. Vesi yoyamba ikutha anakweza mutu. Zinali ngati akutsegula chitseko cha bafa muli munthu. Koma anakweza, n'kuyang'ana a Vitus.

A Vitus sanamuyang'ane. Anayang'ana a Mose. Vesi ina, a Thumbiko. Kenako phazi m'mwamba, nyimbo n'kutha. Apa m'pamene Tamanda anazindikira chimene sanachiganizire sabata yonse: munthu ukamukana miyezi iwiri amasiya kufunsa.

Nyimbo yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu inali yapang'onopang'ono, ya m'tchalitchi, yopanda mipata. Mayi Immaculata anamuyang'ana kuchokera kuseri kwa besi n'kutsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma Tamanda anapukusa mutu pang'ono. Maso ake anali atayamba kuwawa. Ankamva ngati anthu onse a pa masitepe akuona mtsikana wopanda mwambo amene watong'olera maso bambo wa imvi, ndipo mawu a azakhali ankamveka bwinobwino m'khutu lakumanzere.

"Yomaliza," anatero a Vitus. "Yothamanga ija, tiwone ngati Thumbiko afike nafe."

Inali nyimbo yopanda mawu, imene Tamanda anaiyimba kuchipinda kwake mwina kokwana mazana awiri. A Vitus anaiyamba ndi gitala. Anapatsa a Mose, vayolini analira ngati akuthamangitsidwa. Anapatsa a Thumbiko, amene anaimaliza thukuta lili kamukamu, lilime lili panja. Inabwerera kwa a Vitus. Tamanda sanaphethire. Anasiya kuyang'ana zala, anasiya kuganiza za masitepe, anangoika maso pankhope ya a Vitus n'kuwasiya pomwepo.

Phazi la a Vitus linanyamuka. Pokweza phazi munthu amayang'ana bwalo lonse kuti aone ngati onse aliona. Anayang'ana mayi Immaculata, a Mose, a Thumbiko, kenako anafika pa Tamanda n'kupeza maso awiri akuwadikira.

Phazi linakhala m'malere kanthawi. A Vitus anakweza zikope. Tamanda anagwedeza mutu kamodzi.

Phazi linatsika pansi osamaliza nyimbo. A Mose, amene anali atakweza kale uta wa vayolini kuti atseke, anautsitsa msanga. Zida zonse zinafatsa, pakati n'kutsala malo, ndipo banjo inalowa.

Popanda sokosi inali ndi mawu aakulu kuposa mmene ankaidziwira. Chigawo choyamba chinayenda bwino. Pa chachiwiri kachikhadabo ka chala chapakati kanakodwa pa nsambo, mawu awiri anatayika, lachitatu linatuluka lolakwika. Mtima unamuuza kuti aime apepese. Koma besi ankapondabe, mandolini inkadulabe, ndiye anadumpha malo owonongekawo n'kukakwera sitima patsogolo. Atafika kumapeto anakwezanso maso, poti anali ataona pa kanema kuti mpata umabwezedwa mmene unabwerera. A Vitus anaulandira, anazungulira kamodzi, n'kukweza phazi. Ulendo uno nyimbo inatha.

Anthu a pa masitepe anaomba m'manja. A Thumbiko anapukuta nkhope ndi malaya.

"Ndiye mwanayu amalankhula? Miyezi iwiri tikukhala ndi wailesi yozimitsa."

A Vitus sanaseke. Anaika gitala pansi.

"Unali kuti masiku onsewa?"

"Ndinali pompano, ankolo." Maso anali atabwerera kale pansi, ndipo anawasiya komweko, chifukwa nyimbo inali itatha. "Sindinkadziwa kuti mumafunsa ndi maso. Ndinkadikira kuti munditchule. Azakhali anati wamkulu sitimuyang'ana kumaso."

 A Vitus anakanda m'mutu.

"Azakhali ako sananame. Inenso amayi anandilera choncho." Anayang'ana a Thumbiko. "Iwenso Mmalawi mnzanga, sunaone?"

"Ine ndimayang'ana zala zanga, akulu, kuti zingandithawe."

"Zaka makumi atatu kunja," anatero a Vitus, ngati akudziuza okha. "Mwana akundipatsa ulemu, ine n'kumawerenga kuti akukana. Ndikafika ku Rumphi akandiphunzitsenso."

Analowa m'nyumba. Tamanda anayamba kupukuta nsambo ndi kansalu, n'kuika banjo m'bokosi lake, poti palibe amene anali atasintha zoti aisiye pafupi ndi makatoni. Anatseka loko woyamba ndi wachiwiri. A Vitus anatuluka ndi kaenvulopu kakale n'kumupatsira. Iye analandira ndi manja awiri. Munali nsambo zatsopano, zokulungidwa, ndi kasipanala kakang'ono.

"Yaifupi ija ndi imene imaduka msanga, usamaikoke kwambiri. Kasipanalako n'komangira chikopa chikalefuka. Nyengo ya mvula usaisiye pafupi ndi windo."

"Ndiye ndisaisiye m'nyumba?"

"Ukaisiya ndani aziyimba pano Loweruka? Bwaloli likusamukira kwa a Mose. Chala chapakati chija chimakodwa chifukwa kachikhadabo wakapinda kwambiri. Tabweretsa."

Anakawongola pang'ono ndi mano, n'kumubwezera.

Pobwerera, matatu ya ku Utawala inadzaza, ndipo Tamanda anakhala kumpando wakumbuyo, banjo ili pakati pa miyendo monga kale. Kondakitala analoza bokosilo n'kufunsa m'Chiswahili ngati ndi lake. Mawu amenewo anali m'gulu la ochepa amene Tamanda ankawamva. Anamuyang'ana n'kugwedeza mutu.